Tisamaope sitima za ku India, koma tizigula tikiti msanga

Akonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi Amalawi anzanga amene amapita ku India, kaya kukadwazika m'bale, kukaphunzira kapena kukaoda katundu, chifukwa ambiri a ife timakathera ndalama zakunja, zimene tazipeza movutikira, pa ndege za m'dzikomo, pamene sitima yapamtunda ikanatifikitsa komweko pa mtengo wotsika kwambiri. Ine ndinali gadiyani wa achemwali anga pa chipatala china mumzinda wa Chennai, ndipo pamene iwo ankadikira tsiku loonananso ndi dokotala, ndinafunika kupita ku New Delhi. Popita ndinakwera ndege chifukwa cha mantha basi, koma pobwerera thumba litapepuka ndinakwera Tamil Nadu Express, sitima imene imayenda makilomita oposa 2,100 kudzera ku Agra, Bhopal, Nagpur ndi Vijayawada, ndipo munthu amagonamo usiku uwiri.

Chinthu chimene mlendo ayenera kumvetsa asanachite china chilichonse n'chakuti kutchipa kwa sitimazi sikupindulira munthu wochedwa. Mtengo wa tikiti pa sitima zambiri sukwera tsiku likamayandikira monga zimachitikira pa ndege. Chimene chimatha ndi malo. Kuyambira mu Novembala 2024 matikiti amayamba kugulitsidwa kutatsala masiku 60 kuti ulendo uchitike, pamene kale anali masiku 120, ndipo pa njira zotchuka malo ogona amatha mwachangu, makamaka nyengo ya chikondwerero cha Diwali. Choncho amene akudziwa masiku ake a ku chipatala kapena a kusukulu alembetse pa IRCTC, kumene matikiti amagulitsidwa pa intaneti, asananyamuke n'komwe kuno kwathu, pakuti kulembetsa ndi nambala ya foni yakunja kumatheka.

Pa tikitipo pamalembedwa zilembo zimene zimasokoneza alendo ambiri, ndipo ineyo zinandisowetsa tulo. CNF ndiye kuti bedi lanu lilipo. WL ndiye kuti muli pamndandanda wa odikira, ndipo ngati tikiti yogula pa intaneti ikhala choncho mpaka mndandanda womaliza wa okwera utatuluka, imafa yokha, ndalama zimabwezedwa, ndipo simuloledwa kukwera. Pakati pa ziwirizi pali RAC, imene imakulolani kukwera koma mogawana bedi limodzi la m'mbali mwa kanjira ndi munthu wina, ndipo wina akalephera ulendo wake mumapatsidwa lanulanu. Tikiti yanga inayamba ili WL, n'kusanduka RAC, ndipo ndinkangoyang'ana nambala ya tikiti yotchedwa PNR pa foni m'mawa ndi madzulo ngati mlimi woyang'ana mitambo, mpaka inatsimikizika tsiku lonyamuka lomwelo. Palinso matikiti a Tatkal, amene amatuluka kutatsala tsiku limodzi pa mtengo wokwererapo, koma kuyambira mu Julaye 2025 kuwagula pa intaneti kumafuna chiphaso cha anthu okhala ku India chotchedwa Aadhaar, chimene mlendo wongofika alibe. Chimene chingamuthandize ndi malo ochepa amene amasungidwira alendo akunja pa sitima zina, ndipo powafunsa ayenera kukhala ndi pasipoti m'manja.

Apa ndichenjezepo za madobadoba. Nditafika pa siteshoni ya New Delhi, bambo wina wovala bwino, cholembera chili m'thumba la malaya, ananditchingira njira n'kundiuza mwaulemu kwambiri kuti ofesi yothandiza alendo yatsekedwa, ndipo anali ataitana kale kanjinga kamoto ka matayala atatu koti kanditengere ku ofesi ina m'tauni. Ndinatsala pang'ono kukwera, pakuti ife tinaleredwa kuti wokulozera njira sumukayikira, koma nditaona kuti wandigwira chikwama ndisanavomere, ndinachilanda n'kulowa ndekha, ndipo m'katimo ntchito inali kuyenda bwinobwino.

Pa nkhani ya kalasi ndimasiyana maganizo ndi amene amati wosauka asankhe yotsikitsitsa. Mabogi osasungitsa malo amadzaza mpaka pakhomo, ndipo si a munthu wa masutikesi amene sadziwa chiyankhulo cha kumeneko. Kalasi ya Sleeper ndi yotchipadi, ndipo mnyamata wathanzi akhoza kuyendamo osadandaula, koma mawindo ake ndi otsegula, zofunda mulibe, fumbi ndi kutentha kwa mwezi wa Meyi zimalowa mmene zifunira, ndipo mu Disembala ndi Januwale kumpoto kumazizira kwambiri, chifunga n'kumachedwetsa sitima maola ambiri. Kalasi ya 3AC mtengo wake umaposa wa Sleeper kuwirikiza kawiri, komabe kawirikawiri umakhala wotsika kuposa wa ndege, mulinso makina oziziritsa mpweya, ndipo amakupatsani nsalu zoyala, bulangete ndi pilo. Kwa wodwala amene wangotuluka m'chipatala, ngati adokotala avomereza ulendo wotere, musatsike kuposa pamenepa, ndipo mum'pemphere bedi lapansi, chifukwa mabediwo ndi osanjikizana atatu ndipo kukwera lapamwamba kumafuna miyendo yamphamvu.

Ine ndinapatsidwa lapakati, limene masana amalipinda kuti anthu akhale pa lapansi, ndipo lamulo limati lizitambasulidwa kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Moyang'anana nane munali banja lina limene mayi ake, ataona kuti ndikudya mabisiketi okha, anamasula kansalu n'kundigawira chapati ndi ndiwo za mbatata zokhala ndi tsabola wondituluitsa misozi. Mwamuna wawo ndiye anandionetsa zitsulo za pansi pa mpando zomangirirapo katundu, ndipo ndinanong'oneza bondo kuti sindinagule tcheni ndi loko zimene ndinaziona zikugulitsidwa pa siteshoni, kotero kuti usiku woyamba ndinagona nditatsamira chikwama cha pasipoti ndi mapepala a kuchipatala. Madzi ndinkamwa a m'botolo lomata okha, pamene tiyi wa mkaka wa m'tikapu ting'onoting'ono, amene anyamata amayenda naye akufuula kuti "chai, chai" kusanache, sanandivutitse m'mimba. Tinalowa mu Chennai Central m'mawa wa tsiku lachitatu, ndipo ndalama zimene zinatsala poyerekeza ndi ulendo wopita ndi zimene tinalipirira masiku angapo pa nyumba imene ine ndi achemwali tinkagona.

Wowerenga wanu,
Zomba