Dandaulo pa sikirini yomwe munandigulitsa ponena kuti ndi yogwiritsa ntchito pa bizinesi

Kwa a Manijala,

Ndine mwini malo oonetsera mpira pa Chitakale kuno ku Mulanje. M'mwezi wa Marichi ndinabwera kusitolo yanu ku Limbe, ndipo wogulitsa wanu ndinamufotokozera bwinobwino chomwe ndinkafuna: sikirini yoti iziyaka kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka pakati pa usiku, tsiku ndi tsiku, m'holo ya malata yomwe masana imalowa kuwala. Anandilozera ya mainchesi 65 n'kunena kuti ndi commercial display, kutanthauza sikirini ya bizinesi. Pa lisiti analembapo yekha kuti 4K, 500 nits, 24/7. Mawu amenewa sindinkawadziwa. Ndinakhulupirira munthu wa pa ntchito yake, ndinalipira.

Patangotha miyezi inayi, chakumanzere kunayamba kuoneka mdima ngati pagwera mthunzi. Loweruka lina la malipiro, holo itadzaza ndi anthu ochokera m'maesiteti a tiyi, mpira ukafika mbali imeneyo unkasowa. Anthu anadzuka m'mabenchi n'kuyamba kuitanitsa ndalama zawo pakhomo, ndipo ndinawabwezera.

Mawa lake ine ndi mwana wa mchemwali wanga, yemwe amakonza makompyuta ku Luchenza, tinaitsitsa pakhoma. Anaunika ndi tochi ya foni kapepala komata kumbuyo, n'kulumikiza laputopu yake ndi chingwe cha HDMI. Nambala yaikulu ya timadontho topanga chithunzi yomwe inatuluka ndi 1920 x 1080. Imeneyo ndi Full HD. 4K ndi timadontho 3840 x 2160, kuchuluka kanayi kuposa zomwe munandipatsa. Musandiyankhe kuti dikoda yanga situmiza zithunzi za 4K; zimenezo ndikudziwa tsopano, koma ndalama yomwe ndinapereka inali ya 4K.

Za nits nazonso n'chimodzimodzi. Umenewu ndi muyeso wa kuwala kwa sikirini, ndipo m'kabuku kake alemba 250 cd/m², omwe ndi nits 250, kutanthauza theka la zomwe zili pa lisiti. N'chifukwa chake mpira wa masana ndakhala ndikutseka mawindo ndi ziguduli, anthu akuthukutira m'kati.

Pa mainchesi pokha ndilibe nanu mlandu. Nditayeza ndi tepi kuchokera kumanzere kufika kumanja ndinapeza masentimita 144 n'kuganiza kuti apanso mwandinamiza, koma ndaphunzira kuti amayeza mopingasa, kuchokera pa ngodya ina kufika pa inzake, ndipo masentimita 165, omwe ndi mainchesi 65, anakwanadi.

Chomwe chandipweteka kwambiri ndi 24/7. Sikirini ya bizinesi yolembedwa choncho amaipanga kuti ipirire kutentha ikamayaka usana ndi usiku, ndipo ina amailemba 16/7, maola 16 pa tsiku. Yomwe ili pakhoma langa ilibe chizindikiro chilichonse mwa ziwirizi. Ndi TV ya pabalaza, yoti banja lionere nkhani ndi sewero madzulo n'kuzimitsa. Sikirini zomwe timazitcha LED zija ndi galasi la LCD lokhala ndi timagetsi kumbuyo kwake, ndipo timagetsi timeneto ndi tomwe tapsa chifukwa chogwira ntchito yomwe sitinapangidwire. Mdima uja wachokera pamenepo.

Ndiye nditaimba foni kusitolo kwanu, anandiyankha kuti waranti sigwira chifukwa TV ya pakhomo ndaigwiritsa ntchito pa bizinesi. Bwana, taganizani: pogulitsa inali ya bizinesi, itawonongeka yasanduka ya pakhomo? Amene analemba 24/7 pa lisiti si ine. Ndalama imeneyi ndinaipeza nditagulitsa nanazi zaka ziwiri, kuonjezera ngongole ya banki m'khonde yomwe ndikubwezabe mpaka lero.

Ndikupempha kuti pasanathe masiku 14 mubwere mudzatenge katundu wanuyu, mundipatse sikirini yogwirizana ndi zomwe zili pa lisiti, ndipo nambala ya modelo tidzaione limodzi tisanatsegule katoni. Ngati mulibe yotero, mundibwezere ndalama zanga zonse pamodzi ndi zomwe ndinalipira galimoto kuchokera ku Limbe. Mukapanda kuyankha, lisiti, kabuku ndi zithunzi zomwe ndajambula ndikazipereka ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula. Makope ake ndaphatikiza ndi kalatayi.

Ine kasitomala wanu,
Mwini malo oonetsera mpira, Chitakale, Mulanje