Opanga mapulogalamu a masitolo a pa intaneti adzaone momwe timagulitsira

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za mapulogalamu amene amatiikira tikatsegula sitolo ya pa intaneti. Ine ndimagulitsa zitenje ndi nsapato za amayi ku Limbe, ndipo katundu wambiri ndimakaoda ku Kariakoo, mumzinda wa Dar es Salaam. Atachuluka makasitomala a ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi abale athu a ku Joni ofuna kugulira makolo awo kumudzi kuno, ndinalipira katswiri wina kuti andikonzere webusaiti. Mbali imene wogula amaona ndi yokongola, pamenepo sindinganame. Mavuto ali kuseri, kumene ine mwini ndimalowetsa katundu, kusintha mitengo ndi kuwerenga zotsala.

Pulogalamuyi imaona katundu aliyense ngati botolo la mafuta ophikira: chinthu chimodzi, chotsekeratu, mtengo umodzi. Chitenje sichili choncho. Nsalu imodzi ya mamita 12 wina adulako awiri, wina anayi a diresi, wina asanu ndi limodzi poti akufuna ndi duku lomwe. Kuti zimenezi zioneke pa webusaiti, ndimayenera kupanga kagulu kake pa muyeso uliwonse ndi pa mtundu uliwonse. Maluwa amodzimodzi akabwera m'mitundu isanu, miyeso itatu, basi ndi mizere 15, ndipo uliwonse ndiutsegule pawokha, ndilembe mtengo, ndilembe kuchuluka kwake, ndiike chithunzi, ndiutseke. Nsapato nazo chimodzimodzi, kuyambira sayizi 36 mpaka 42, zakuda ndi zofiirira.

Kulembako ndikadapirira. Chondipweteka n'chakuti pulogalamu sidziwa kuti mizere itatu ija ikudulidwa pa nsalu imodzi. Munthu akagula mamita sikisi, iyo imangochotsa pa mzere wa sikisi, ya awiri ndi anayi imatsala ili chilili ngati palibe chachitika. Mapeto ake mayi wina wa ku Mzuzu amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kulipira nsalu imene inatha dzana, ine n'kuyamba kupepesa pa foni ndi kubweza ndalama, yotumizira n'kulipiranso ndekha. Ukakhala kuti unali wa chinkhoswe, anthu khumi agwirizana kale yunifomu, manyazi ake si ocheza. Nditafunsa, anandiuza kuti pali kachidutswa kena koonjezera kamene kamathetsa vutoli, koma kolipira chaka ndi chaka m'madola. Madola, Akonzi, m'dziko lino!

Ndifike pa mitengo. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 a Reserve Bank anaitsitsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka cha m'ma K1,180 kufika cha m'ma K1,700. Aliyense wooda kunja anayenera kusintha mitengo tsiku lomwelo, apo ayi mpamba ulowe m'madzi. M'sitolo yeniyeni ndi nkhani ya cholembera ndi timapepala, pofika masana watha. Pa webusaiti ayi. Malo osinthira katundu wambiri nthawi imodzi alipo, koma amakhudza katundu wopanda timagulu. Zitenje ndi nsapato zanga, zimene zili ndi miyeso ndi masayizi, amazilumpha. Ndiye ndi mzere umodzi umodzi, uku netiweki ikubwera ikupita. Ukalemba mitengo khumi osadina batani losunga, magetsi n'kuzima kapena bandulo n'kutha, zonse zimafufutika osakuchenjeza. Ndipo mabatani osunga alipo awiri patsamba limodzi, lina la timagulu, lina la katundu yense. Amene anaganiza zimenezi ndikadakonda kumuona nkhope.

Achinyamata odziwa makompyuta amandiuza kuti, "Mayi, ingotulutsani fayilo ya CSV, tebulo la katundu yense ndi mitengo yake, musinthe mu pulogalamu ya Excel, muibweze." Amayankhula ngati n'kumwa madzi. Choyamba, ambiri a ife tilibe laputopu. Bizinesi yonse ili m'foni, ndipo tebulo la mizere mazanamazana pa kagalasi ka foni ndi chilango cha maso. Chachiwiri, fayilo yotere ukaitsegula mosasamala, nambala ya katundu yoyamba ndi ziro, monga 0045, imasanduka 45. Pobweza, pulogalamu imaona ngati ndi katundu watsopano, ndiye sitolo imadzaza ndi mapasa, wina wa mtengo wakale wopanda cholakwa, wina wa mtengo watsopano wopanda chithunzi. Wogula asankha uti? Wotchipa, nanga n'kumuimba mlandu?

Apatu ndi pamene nkhaniyi yaposa kungotopa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, lili ndi lamulo la malonda a pa intaneti la 2016, ndipo bungwe loona za chilungamo pa malonda la CFTC silisekerera wamalonda woonetsa mtengo wina n'kulipiritsa wina. Mtengo wakale ukatsalira pa webusaiti chifukwa unabisala pansi pa timizere tambirimbiri, amene adzayankhe ndine, osati amene anapanga pulogalamu.

Zina ndi zazing'ono koma zimadya nthawi. Mtengo uliwonse umabwera ndi matambala kumapeto, K18,500.00, pamene tambala ana a masiku ano sanaigwirepo. Zithunzi zojambula pa foni imazimeza zazikuluzikulu osazichepetsa, bandulo yanga n'kupita, ya kasitomala n'kupitanso. Posaka katundu kuseri kuja, ukalakwitsa chilembo chimodzi imati palibe. Ndipo zimene ndagulitsa pakauntala kapena pa WhatsApp, komwe kumachitika malonda ambiri, sizichotsedwa zokha. Madzulo ndikhale pansi ndi kope langa n'kumachotsera pamanja. Tsono kope ndiye likunena zoona, makina akutsatira pambuyo.

Sindikunena kuti mapulogalamu akunjawa ndi oipa kwa eni ake. Anapangira munthu wokhala pa desiki, wa ndalama yosagwedezeka, wogulitsa zinthu zofanana mazana. Dandaulo langa likupita kwa ana athu otuluka ku MUBAS, ku MUST ndi ku Chancellor, amene amatenga mapulogalamuwa, kuwapaka mitundu ya kampani yathu, kutilipiritsa, n'kuzimiririka. Luso ali nalo, ndawaona. Chimene sachita n'kukhala m'sitolo tsiku lathunthu la pamwezi, kuona nsalu ikudulidwa, kasitomala akunenerera mtengo, wina akusungitsa nsapato kuti adzatenga akalandira. Mnzanga wogulitsa zovala za kaunjika pa intaneti ali pamoto woposa wanga: chovala chilichonse n'chimodzi chokha, koma pulogalamu imamufunsa mabokosi onse aja, kulemera kwake ndi utali wa katoni zomwe, pa bulauzi ya K4,000 imene itha lero lomwe.

Ndikupempha zinthu zomveka. Katundu wodula awerengedwe m'mamita kuchokera pa nsalu imodzi. Zimene ndalemba zisungike m'foni ngakhale netiweki yathawa, zidzapite ikabwera. Ndithe kujambula chinthu, kulemba dzina ndi mtengo, n'kuchiika pamsika popanda kudutsa masamba anayi. Ndipo pakhale malo amodzi polemba kuti zitenje zonse zikwere ndi 20 peresenti, ndione mitengo yatsopano ndisanavomereze, komanso ndithe kubweza yakale ngati ndaona kuti sizili bwino. Amene apange zimenezi pa mtengo wa makwacha, ku Limbe kuno makasitomala awapeza, ndipo ine ndidzakhala woyamba kulipira.

Wogulitsa zitenje,
Limbe