Tisindikizireniko zithunzi za asilikali a Keyala ku Burma

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za ntchito yamanja yomwe ndakhala ndikuikonzekera miyezi itatu tsopano ndisanagwire ngakhale guluu. Ndimamanga tinkhondo ta pathabwa tija amati diorama, kasinja wamng'ono wa pulasitiki, asilikali ake, dothi, mitengo, zonse pamalo okula ngati thileyi ya tiyi basi. Ndinayambira pa magalimoto a mawaya ndili mwana, pano ndimagwiritsa makiti, tizidutswa ta pulasitiki tomata wekha, omwe achimwene amanditengera akamachokera ku Joni.

Kasinja ndili naye pano ndi M3 Lee wa sikelo ya 1:35, kutanthauza kuti chilichonse chachepetsedwa ka 35. Munthu wamtali 175 cm amangokhala 5 cm, kasinjayo yemwe weniweni amadutsa mamita 5 ndi theka amakhala cha m'ma 16 cm. Ndi wa ku America, wamtali modabwitsa, mfuti yaikulu ya 75 mm ili chakumanja kwa thupi lake ndipo ina ya 37 mm ili pamwamba. Ndinamusankha dala chifukwa ndi amene Angelezi ankamenyera nkhondo kwambiri ku Burma mu 1944, ndipo ku Burma kumeneko kunali anthu athu.

Agogo anga aamuna, malemu, anali a Keyala (King's African Rifles) pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Sankakonda kukamba za kuombana ayi, iwo nkhani yawo inali mvula ndi matope, amati mvula ya kumeneko siikata ndipo nsapato zinkaolera kuphazi. Nditakula ndi pomwe ndinadziwa kuti asilikali a Nyasaland anali mu 11th East African Division, gulu lomwe linatsika chigwa cha Kabaw nthawi ya dzinja la kumeneko kuyambira cha mu Ogasiti 1944, kukankha asilikali a Japan mpaka kukafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu Disembala. Chigwa chimenecho malungo anali osasimbika, misewu inasanduka phala, chakudya nthawi zambiri chinkachita kugwetsedwa ndi ndege. Ndiye ine ndikufuna pathabwa langa paoneke zimenezo, kasinja watitimira m'matope chammbali mwa njira, asilikali athu akudutsa wapansi mumzere atanyowa, mmodzi wasenza mfuti yaikulu ya Bren, ena mfuti za Lee-Enfield ndi zikwanje m'chiuno. Kasinja akhalepo inde koma maso a munthu ayambe agwera pa anthuwo.

Anthu ambiri amayamba ndi kumata kasinja kenako nkumadzafunsa kuti ndimuike pati, ine ndimaona kuti pamenepo ndi pomwe zimalakwikira. Uyambe wadziwa kuti ndi kuti, chaka chanji, nyengo yanji, ndipo chikuchitika nchiyani mphindi imeneyo. Sungaike kasinja wa Tiger wa ku Germany m'nkhalango ya Burma chifukwa choti ndi wokongola, limenelo ndi bodza ngakhale upente bwino motani. Ine ndinadula timapepala kukula kwa kasinja ndi kwa munthu aliyense nkumatisuntha pathabwa madzulo alionse, kujambula pa foni, kuyang'ana mmawa, kusinthanso. Ndapeza kuti kasinja akaima molunjika ndi m'mphepete mwa thabwa zimaoneka ngati ali mu shopu, koma ukamupendeketsa pang'ono ndipo njira nkudutsa chopingasa, zimakhala ngati wangodula kachidutswa ka dziko lenileni. Komanso osadzadza paliponse, anthu asanu akukwana.

Zipangizo zambiri nzapakhomo pompano. Thabwa la pulayiwudi, thovu loyera lija limabwera m'makatoni a TV lokwezera mtunda, dothi losefa bwino losakaniza ndi guluu wa matabwa ndi utuchi pang'ono, khonje lodula tating'ono nkulipenta likhala udzu, mizu youma ya tizitsamba imakhala mitengo yabwino kuposa yogula, masamba a tiyi ogwiritsa kale amakhala zinyalala za pansi pa nkhalango. Matope akadali ofewa umadinda kasinja ndi mapazi a asilikali kuti alowe ndithu, apo ayi amaoneka ngati akuyandama. Akauma umathira vanishi wowala m'maenje mokha kuti pakhale ngati madzi adikha.

Pomwe pandivuta, ndipo nchifukwa chake ndalemba kalatayi, ndi pa anthu. Tiasilikali ta m'makiti nkhope zake pafupifupi zonse nzachizungu, ndiye ndiyenera kudula mitu nkuumba ina ndi phala loumbira lija amati putty, milomo, mphuno, tsitsi, pa mutu waung'ono ngati njere ya chimanga. Zimenezo ndipirira nazo. Koma kuti ndiumbe zoona ndikufunika kuona momwe anthu athu ankavalira ali kutchire osati pa perete, chipewa chachikulu chija ankachipinda bwanji, manja a malaya obiriwira aja ankawakwinya mpaka pati, katundu ankamumanga motani kumsana, chikwanje chinkakhala mbali iti. Chithunzi chokha cha agogo chomwe tili nacho anajambulitsa atabwerako, atachapa ndi kusita, chilibe matope ngakhale pang'ono.

Ndikudziwa kuti m'masutikesi ndi m'mabaibulo akale m'midzi mwathu muli zithunzi zotere, zina chiswe chikudya pano tikukamba. Chaka chilichonse mu Novembala timaona nkhata za maluwa pa chipilala cha Keyala ku Zomba ndi azigogo ochepa otsala atavala mamendulo, koma nkhope zawo ali anyamata a zaka 20 sitizionapo. Pempho langa kwa inu akonzi ndi loti mutsegule kadanga kakang'ono mu nyuzipepala yanu kuti mabanja azitumiza zithunzi za makolo awo omwe anapita ku Abyssinia (Ethiopia), Madagascar ndi Burma, ndi mawu awiri atatu a zomwe ankakamba, ngakhale chojambula ndi foni chomwe chikwana bola chioneke. Ine thabwa ladulidwa kale, dothi ndasefa lili m'chitini, ndipo mitu isanu ija sindiiumba mpaka nditaona zithunzizo.

Mdzukulu wa msilikali wa Keyala,
Zomba