Kalata yotseguka kwa a Mahmoud Ali Youssouf pa za malire a Algeria ndi Morocco

Olemekezeka Wapampando wa Komishoni ya African Union,

Ndikukulemberani za malire a pakati pa Algeria ndi Morocco, omwe akhala otseka kuyambira mu Ogasiti 1994. Mwezi umenewo achiwembu anapha alendo awiri a ku Spain pa hotela ya Atlas Asni ku Marrakech. Morocco inakayikira akazitape a Algeria n'kulamula kuti nzika za dzikolo zizikhala ndi viza, ndipo Algeria inabwezera potseka njira zonse zapamtunda. Ana amene anabadwa chaka chimenecho lero ali ndi ana awo, koma chipata cha Zouj Beghal, cha pakati pa mzinda wa Oujda ku Morocco ndi wa Maghnia ku Algeria, chikadali chotseka.

Amene akuvutika ndi anthu wamba a ku Oujda, Maghnia ndi Tlemcen, omwe anakwatirana kuyambira makolo. Pa Bin Lajraf, pafupi ndi Saïdia, achibale amaima tsidya ili ndi tsidya lina n'kumakwezerana manja, osatha kugwirana chanza. Maliro akagwa, munthu amazungulira pa ndege kudzera dziko lachitatu, ulendo umene pa galimoto sukanatha ola, ndipo wopanda ndalama amalirira pa foni. Ife tikaganiza kuti chipata cha Mchinji ndi Mwami chitatsekedwa zaka 30, Achewa osapita ku Kulamba kapena kukaika amalume awo ku Chipata, timamva kulemera kwa nkhaniyi.

Chidanichi ndi chakale. Mu Okutobala 1963, Algeria itangolandira ufulu, maiko awiriwa anamenyana chifukwa cha malire amene Afalansa anasiya osalongosoka, kudera la Tindouf ndi Béchar. Nthawiyo OAU, bungwe la maiko a mu Africa lomwe linalipo African Union isanakhazikitsidwe, inali ndi miyezi isanu yokha, komabe Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia ndi Pulezidenti Modibo Keïta wa ku Mali anakhazika Pulezidenti Ahmed Ben Bella wa ku Algeria ndi Mfumu Hassan II ya ku Morocco pamodzi ku Bamako, mfuti n'kuleka. Bungwe lakhandalo linachita zimene bungwe lanu, lokhala ndi maofesi ndi nthumwi zambiri, likuzengereza kuyesa.

Kenako inadza nkhani ya Western Sahara. Mu Novembala 1975 anthu 350,000 a ku Morocco analowa m'derali, Algeria inaima ndi gulu la Polisario, lomenyera ufulu wa derali, n'kuthamangitsa anthu zikwizikwi a ku Morocco amene ankakhala ku Algeria. Mu 1976 asilikali a maiko awiriwa anaomberana ku Amgala. Morocco inatuluka mu OAU mu 1984, n'kudzalowa mu African Union mu 2017. Pa 24 Ogasiti 2021 Algeria inadula ubale wa ukazembe, kenako inaletsa ndege za Morocco mumlengalenga mwake n'kusiya kutumiza gasi pa paipi yodutsa ku Morocco popita ku Spain.

Ndikudziwa kuti ku Nouakchott mu 2018 atsogoleri a African Union anagwirizana kuti nkhani ya Western Sahara iziyendetsedwa ndi United Nations. Sindikupempha kuti muweruze mlanduwo, ndipo ine ndekha ndikuchokera ku Malawi, dziko lomwe linasankha kale mbali ya Morocco potsegula ofesi ya ukazembe ku Laayoune, mzinda wa ku Western Sahara, mu 2021. Koma mgwirizano wa ku Nouakchott sunanene kuti gogo wa ku Oujda asaone adzukulu ake mpaka mlandu wa Sahara utatha. Nkhani ziwirizi zikhoza kulekanitsidwa, monga zinalili kuyambira 1988 mpaka 1994, pamene malire anali otseguka ngakhale mkangano wa Sahara unalipo.

Choncho pempho langa n'lakuti musankhe akuluakulu awiri kapena atatu olemekezeka mu Africa, apite kwa Pulezidenti Abdelmadjid Tebboune wa ku Algeria ndi kwa Mfumu Mohammed VI ya ku Morocco ndi mfundo imodzi yokha: chipata cha Zouj Beghal chitsegulidwe kwa oyenda pansi opita kumaliro, kuchipatala ndi kukaona abale. Akakana, mutiuze poyera kuti wakana ndani.

Ine wanu,
Nzika ya Malawi