Chakudya chikuzizira, koma dikira pang'ono

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Ndi agogo ako. Miyendo yangayi ndi yomwe ija, ndiye chaka chino sindibwera kudzadya nanu Thanksgiving, tchuthi chothokoza chija cha ku America. Mpando wanga uja usaupereke kwa mphaka.

Amayi ako andiuza pa foni kuti wayamba kale kung'ung'udza. Akuti ukufunsa chifukwa chake aliyense amayamba wanena chimene akuthokoza pamene chakudya chili patebulo, nthunzi ikutha, iwe m'mimba mukulira. Ndaseka ndekhandekha pokumbukira chaka chatha. Itafika nthawi yako unayang'anitsitsa nkhukundembo ija n'kunena kuti, "Ine ndikuthokoza ntchafu." Tonse tinafa nalo phwete. Sunalakwe ayi. Kungoti ntchafuyo sinadzibweretse yokha patebulo, ndipo ndi nkhani imeneyi yandigwiritsa cholembera lero.

Khala pansi ndikusimbire. M'chaka cha 1620, anthu 102 anakwera chombo chotchedwa Mayflower kuchokera ku England. Atakhala panyanja miyezi iwiri anafika kumene lero kuli Massachusetts, n'kumanga mudzi wa Plymouth. Anafika nthawi yoipa, chisanu chitayamba kale. Analibe nyumba zolongosoka, chakudya chinali chochepa, matenda nawo anawalowa. Pomwe kunja kumayamba kufunda, pafupifupi theka la anthuwo anali atamwalira.

Komatu dziko limenelo linali ndi eni ake, anthu a mtundu wa Wampanoag. Mmodzi mwa iwo anali Tisquantum, amene kusukulu mwina amakuuzani kuti Squanto. Munthu ameneyu ndimamuganizira kwambiri. Mu 1614 anabedwa ndi mwini chombo wina wa ku England n'kupita naye ku Spain. Kenako anakapezeka ku England, kumene anaphunzira Chingerezi. Atabwerera kwawo mu 1619 anapeza mudzi wake wa Patuxet uli bwinja, mliri utasesa abale ake. Ndipo alendo aja anadzamanga Plymouth pabwinja lomwelo. Ukanakhala iwe ukanatani? Ine mwina ndikanangowayang'ana, kukamwa kuli tseke. Iye anawaonetsa kadzalidwe ka chimanga: kukumba phando, kukwiriramo nsomba kuti zikhale manyowa, kenako mbewu. Anawalozera kokagwira nsomba, n'kumawamasulira akamalankhula ndi Massasoit, mfumu ya a Wampanoag.

Chimanga chija chinacha. Atakolola mu 1621 anachita phwando la masiku atatu. Massasoit anabwera ndi amuna pafupifupi 90, ndipo sanabwere chimanjamanja, anapha agwape asanu n'kuwapereka. Ukawerenga bwino uona kuti a Wampanoag anachuluka kuposa ochita phwandowo.

Tchuthi chimene ukuchidziwachi chinakhazikika pambuyo pake. Pulezidenti Abraham Lincoln ndiye analengeza tsiku lothokoza la dziko lonse mu 1863, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, anthu akulira maliro. Mu 1941 aphungu anagwirizana kuti lizikhala Lachinayi lachinayi la mwezi wa Novembala. Sindinachite chibwibwi, werenga pa kalendala uone.

Pali china chimene sindikubisira ngakhale uli wamng'ono. Ubwenzi uja sunakhalitse. Patapita zaka, a Wampanoag analandidwa malo ambiri, ndipo ambiri anafa pankhondo. Kuyambira 1970, ena mwa eni dziko amasonkhana ku Plymouth tsiku lomwelo, osati kudzasangalala koma kudzalira makolo awo. Ukadzakula tidzakambirana bwino. Panopa ungodziwa kuti amene anadyetsa alendo aja anali ndi mayina, ndipo kuwaiwala n'kupanda ulemu.

Tsono ndikupatse ntchito. Sabata imeneyi ukhale kazitape wanga. Uona kuti amayi ako atulutsa nkhukundembo mufiriza kudakali masiku atatu kapena anayi, chifukwa chimbalame chimenechi chimachedwa kusungunuka. Tsiku lenilenilo adzuka kudakali mdima iwe uli mkonono. Udzayang'ane padzanja lawo lamanja, pafupi ndi pamene amavala wotchi. Pali kachipsera kakang'ono. Anapsa ndi chitseko cha uvuni zaka ziwiri zapitazo, koma anangothira madzi ozizira n'kupitiriza, osauza munthu. Ine ndinaona. Bambo ako nawo adzakhala pakona akusenda mbatata, akusenda mokhuthala ngati mwa masiku onse, theka la mbatata likupita ndi makoko. Usawauze kuti ndanena. Azakhali ako adzayendetsa galimoto maola asanu, chitumbuwa cha maungu atachimanga lamba pampando ngati mwana, kuopa kuti chingasweke.

Nthawi yako yolankhula ikadzafika, usavutike ndi mawu akuluakulu. Usankhe munthu mmodzi, umuyang'ane m'maso, umutchule, unene chimene unamuona akuchita. Chakudya chikazizira pang'ono si mlandu, uvuni ilipo. Ntchafu yako palibe adzakulande, ndawauza kale amayi ako kuti imodzi ndi yako.

Mukadzatha kudya, usathawire ku TV. Unyamuleko mbale, ziwiriziwiri basi, paja chaka chatha ina inakupulumuka. Ukatero undiimbire foni undiuze amene unamusankha. Ndidzakhala maso mpaka uimbe.

Ndine agogo ako okukonda.