Atsikana akuda asamatuluke m'nyuzi pa tsoka pokha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa momwe nkhani za atsikana zimalembedwera. Mtsikana wachikuda akatuluka m'nyuzi, nthawi zambiri amakhala kuti wapatsidwa mimba, walanditsidwa ku banja kapena wasiya sukulu. Zimenezi n'zoona ndipo zizilembedwa ndithu. Koma amene alimba mtima n'kusintha zinthu bwanji sitiwamva?

Ambiri timamudziwa Rosa Parks, mayi amene anakana kusiyira mzungu mpando m'basi ku Montgomery, ku America, mu Disembala 1955. Komatu miyezi 9 izi zisanachitike, pa 2 Malichi, Claudette Colvin wa zaka 15 anachita zomwezi mumzinda womwewo akuchokera kusukulu. Apolisi anamukoka m'basimo n'kukamutsekera. Atsogoleri omenyera ufulu sanafune kumuika patsogolo. Ankati ndi mwana, ndipo atatenga pathupi patapita miyezi ingapo, anangomukankhira pambali. Chonsecho Colvin anali mmodzi mwa akazi anayi a mlandu wa Browder v. Gayle, umene mu 1956 unathetsa tsankho m'mabasi a mumzindawo. Zimandiwawa kuti dzina lake linatha zaka zambiri lisakutchulidwa, pa chifukwa chomwecho chimene ifenso timatayira ana athu aakazi kuno.

Pa 25 Meyi 2020, Darnella Frazier wa zaka 17 anaima m'mbali mwa msewu ku Minneapolis, ku America komweko, foni m'manja, n'kujambula wapolisi atatsamiza bondo pakhosi pa George Floyd, bambo wachikuda amene anamwalira tsiku lomwelo. Chikalata choyamba cha apolisi chinangonena za munthu amene wadwala mwadzidzidzi. Kanema wa mtsikanayu ndi amene anaulula zoona, ndipo mu 2021 a Pulitzer, amene amapereka mphoto kwa atolankhani ndi alembi, anamupatsa ulemu wapadera.

Kwathu konkuno tili ndi Memory Banda. Akadali wamng'ono anayamba kulimbana ndi maukwati a ana, kuyankhula ndi mafumu ngakhalenso aphungu a Nyumba ya Malamulo. Mawu a atsikana ngati iye anathandiza kuti mu 2015 lamulo liike zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwanso.

Pempho langa ndi ili, a Mkonzi: tumizani atolankhani anu ku makalabu a atsikana m'masukulu a sekondale, makamaka akumidzi. Akafika kumeneko asathamangire kwa aphunzitsi aakulu kapena akuluakulu a mabungwe kuti awayankhulire. Akhale pansi ndi atsikanawo, awafunse zimene akulimbana nazo, ndipo zimene anenezo zituluke pa tsamba loyamba.

Ine wowerenga wanu,
ku Zomba