Franklin wa pa madola 100 uja sukulu anasiyadi, koma nkhaniyo musaidule pakati

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankheko mphwanga kudzera m'nyuzi yanuyi poti pafoni sakundimva. Mnyamatayu ali Fomu 3 ndiye wayamba zoti malume onani Benjamin Franklin, mkulu ali pa ndalama ya madola 100 uja, sukulu anasiya ali ndi zaka 10 koma anakhala pulezidenti wa America, nanga ine ndikuvutikiranji. Choyamba Franklin upulezidenti wa America sanaulaweko olo tsiku limodzi. Zosiya sukuluzo nzoona, koma tamva kaye m'mene zinakhalira mphwanga.

Kwawo kwa bambo ake kunali ku Ecton, kamudzi ka ku Northamptonshire ku England, banja la osula zitsulo, ntchito yongosiyirana kuchokera kwa azigogo. Bambowo, a Josiah, anaphunzira yonyika nsalu mu utoto, koma atawoloka nyanja kufika ku Boston cha m'ma 1683 anapeza kuti za utotozo kulibe msika, basi nkuyamba kuphika sopo ndi kupanga makandulo a mafuta a nyama. Ana anabereka 17 bambo amenewa, 7 kwa mayi oyamba ndi 10 kwa a Abiah Folger a ku Nantucket. Benjamin anabadwa mu 1706, wa nambala 15, mzime kwa amuna. Kuchikazi nako sikunali kwa mabwana ayi, agogo ake a Mary anabwera ku America ngati wantchito womangidwa pa kontirakiti ndipo a Peter Folger anachita kuwawombola ndi ndalama kenako nkuwakwatira.

Poti anali mwana wamwamuna wa nambala 10, bambo ake ankati ameneyu ndiye chakhumi changa, akhale m'busa. Anamulowetsa ku Boston Latin School ali ndi zaka 8, koma atawerengera fizi ya kukoleji ndi khamu la ana lija anagwa ulesi, nkumusamutsira ku sukulu yongophunzira kulemba ndi masamu, masamuwo nkulakwanso. Pa zaka 10 uyo ali mu shopu kudula zingwe za makandulo ndi kuthira mafuta m'zikombole, ntchito yomwe ankadana nayo kwabasi moti mtima wake unali pothawira pa sitima za pamadzi. Sikuti anasiya sukulu chifukwa inamukwana, anachita kumuchotsa.

Pomwe anthu amadumpha ndi apa. Ali ndi zaka 12 anamusainitsa kuti aphunzire ntchito yosindikiza kwa mkulu wake James mpaka adzafike zaka 21. Ndiye tsiku lonse mwana ali pa zilembo, madzulo amabwereka buku kwa anzake ogwira ntchito m'mashopu a mabuku nkuchezera nalo usiku kuti mamawa alibweze abwana asanazindikire. Anasiya kudya nyama, nkuuza James kuti ndipatseni theka la ndalama yomwe mumandilipilira chakudya ndizidziphikira ndekha, pa theka lomwelo nkumatsalanso zina zogulira mabuku. Masamu analakwa aja anadzawabwereza yekha ndi buku atachita manyazi. Iwe mphwanga ukasiya lero ukachezera buku liti, si pa bawo ndi pa mpira basi?

Gawo lomwe limandiseketsa ine likukhudza inuyo akonzi. James anayambitsa nyuzipepala ya New-England Courant mu 1721, ndipo Benjamin podziwa kuti mkulu wake sangatulutse zolemba za kamwana, mu 1722 anayamba kulemba makalata ngati mayi wamasiye, dzina akuti Silence Dogood, usiku nkumalowetsa pansi pa chitseko. Makalata 14 anatuluka, azibambo mu ofesi nkumaganizirana kuti kodi wolembayu ndani, mwini wake ali pomwepo phee, zaka 16. James atadziwa sizinamusangalatse, komanso anali wa dzanja lopepuka, ankamumenya ndithu.

Mu 1723 ali ndi zaka 17 anathawa, kontirakiti isanathe. Ku New York ntchito sanaipeze, anafika ku Philadelphia ali wakuda bii ndi ulendo, matumba atatupa ndi malaya ndi masokosi, nkugula mabanzi atatu akuluakulu, awiri kukhwapa linalo akudya mumsewu. Koma luso losindikiza anali nalo kale m'manja ndipo pasanapite nthawi anali atalembedwa ntchito.

Ine malume ake,
Mchinji